Momwe ndinaphunzitsira za nyanja yamchere pamodzi ndi magalafu mu Sitandade 2

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Mulanje, ndipo tsiku loti ana abwera onse amapitirira 90. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo nyanja yamchere. Ngakhale Nyanja ya Malawi ambiri amangoimvera kwa anthu. Komabe teremu yachitatu ndinasankha mutu wa nyanja kuti ndiumangirire ku phunziro la magalafu (zojambula zoonetsa kuchuluka kwa zinthu poziyerekeza), chifukwa magalafuwo ndi amene ankandisowetsa mtendere. Ana ankakopera bwinobwino zimene ndajambula pabolodi, koma ndikafunsa kuti "Chochuluka ndi chiti apa?" ankangoti maso pansi. Manambala aja sanali awo. Ndinafuna kuti awerenge okha zinthu zoti azigwira ndi manja, kenako aone okha kuti galafu imachokera kuti.

Ndinayambira ku ofesi kwa a hedi, sikimu (dongosolo la zophunzitsa) ili m'manja. Funso lawo linali limodzi: "Nanga mapiriyodi ake muwatenga kuti, madamu?" Ndinawaonetsa kuti sindikuwonjezera kalikonse pa ndandanda. Kuwerenga ndi kujambula magalafu kulowa mu Masamu, mawu atsopano ndi ziganizo zilowa mu Chichewa, kuumba ndi kuimba zilowa mu Expressive Arts, ndipo mayina ochepa a zamoyo alowa mu English. Atamva kuti a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera apeza zonse zili m'malo mwake anavomera, nandibwereka globe ya sukulu, mpira wojambulidwa mapu a dziko lapansi, imene imakhala pamwamba pa kabati.

Zipangizo zina zonse zinali za TALULAR, kutanthauza zophunzitsira zopezeka m'dera lathu lomwe. Sabata yathunthu ana ankabwera ndi zitsekerero za mabotolo, ine n'kumatolera makatoni, zitini, mapepala a matumba a simenti ndi chingwe chachitali. Zogula zinali mchere ndi dzira limodzi basi.

Tsiku loyamba sindinatchule galafu. Tinatuluka panja, ndinatenga kamtengo n'kulemba mzere pansi. "Uwu ndi mtsinje wa Thuchila, umene amayi anu ena amachapako. Madzi ake amapita kuti?" Ena anati amathera kumunsi, wina anati amalowa pansi. Ndinapitiriza mzere uja: Thuchila amathira mu Ruo, Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo, Shire amadutsa ku Nsanje n'kukalowa mu Zambezi m'dziko la Mozambique, ndipo Zambezi amakathira m'nyanja yaikulu yotchedwa Indian Ocean. Pamathero ndinazunguliza bwalo lalikulu mpaka kukafika pa mtengo wa mango. Ana anayenda pamzerewo mondondozana akutchula mayina a mitsinje, ndipo pofika kumapeto kwa piriyodi anali atawasandutsa nyimbo okha. Mwana amene akudziwa kuti tsamba limene waponya mu Thuchila lingathe kukafika kumeneko, nyanja ija siikhalanso nkhani ya m'buku.

Mawa lake globe inabwera m'kalasi. Mwana mmodzi ankatsinzina, mnzake n'kuizunguza, wotsinzina uja n'kuimitsa ndi chala. Kalasi yonse inkafuula kuti "Madzi!" kapena "Mtunda!", ndipo wachitatu ankalemba kamzere pabolodi pansi pa mawu oyenera. Apa ndi pamene ndinaphunzitsa kumanga timizere m'mitolo ya zisanu, tinayi choimirira, kachisanu chopingasa. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amatenga pafupifupi 71 peresenti ya dziko lapansi, kotero mukachita kambiri chala chimagwera pa madzi pafupifupi ka 7 pa maulendo 10 aliwonse. Koma musayembekezere kuti ziyenda choncho m'maulendo ochepa oyamba. Kwa ife mtunda unayamba kutsogola, ana n'kumasangalala kuti wapambana. Ndinangowasiya apitirize mpaka mbali ya madzi inasefukira. Mawu oti peresenti sindinawauze. Ndinawapatsa mabokosi 10 olembedwa m'kope kuti apake 7 mtundu wa madzi, atatu asiye a mtunda. Mayina a nyanja zisanu, Pacific, Atlantic, Indian, Southern ndi Arctic, ndinangowatchula kamodzi. Yathu yofunika kuikumbukira ndi Indian, poti ndi imene tayandikana nayo.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa galafu yeniyeni, ndipo ndinaiphunzitsa m'masitepe atatu osalumpha ndi imodzi yomwe.

Poyamba galafu inali ana eni ake. Ndinajambula zamoyo zinayi pa makatoni: nkhanu, kamba wa m'madzi, octopus (nyama ya m'nyanja ya mikono yambiri) ndi namgumi. Funso linali lakuti "Ndi chiti chimene ungakonde kuchiona ndi maso ako?" Mukafunsa funso lotere poyera, mwana wotchuka akathamangira kwa namgumi theka la kalasi limamutsatira. Choncho aliyense anayamba wasankha mobisa, poponya chitsekerero chake mu chitini kuseri kwa chitseko, n'kulandira kapepala ka chizindikiro cha chimene wasankha. Kenako tinatuluka. Ndinalemba mzere umodzi wowongoka pansi, makatoni anayi aja n'kuwaika motsatira mzerewo, ndipo aliyense anakaima kumbuyo kwa katoni yake. Vuto linaonekera pomwepo. Mzere wa nkhanu unali ndi ana ochepa koma unkaoneka wautali chifukwa anatalikirana, pamene a namgumi anathithikana. Ndinafunsa kuti wautali ndi uti, ndipo mkangano unabuka. Mtsikana wina ndi amene anati, "Madamu, aliyense agwirane dzanja ndi wa mzere winawo." Atatero, amene anasowa mnzake womugwira anaonekera, ndipo yankho linadziwika popanda ine kulankhula. Lamulo loti zinthu za pa galafu ziyambire pamzere umodzi ndi kutalikirana mofanana analipeza ndi matupi awo.

Kachiwiri tinakhuthula zitini zija. Magulu a ana 10 analandira pepala la thumba la simenti limene ndinalilemberatu mabokosi ofanana, ndipo lamulo linali chitsekerero chimodzi m'bokosi limodzi, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Kulemba mabokosi amenewa kumadya nthawi madzulo, koma musachite ulesi n'kuwasiya. Popanda mabokosi ana amaunjika zitsekerero, ndipo mumabwerera ku mkangano wa panja uja.

Kachitatu ndi pamene pensulo inagwira ntchito. Ankachotsa chitsekerero chimodzi n'kupaka bokosi limene chinali, chimodzichimodzi mpaka kutha. Atamaliza, papepala panali galafu ya mizati, ndipo aliyense ankadziwa kuti bokosi lina pamenepo ndi iyeyo. Mafunso ndinayamba ndi osavuta, chochuluka ndi chochepa. Limene linawavuta ndi lakuti "Namgumi wapambana nkhanu ndi angati?" Ambiri ankangotchula nambala ya namgumi. Chimene chinathandiza ndi kuika rula mopingasa pamwamba pa mzati waufupi, n'kuwerenga mabokosi otsala pamwamba pa rulayo. Kuchotsera kumene amalimbana nako m'makope kunaonekera ndi maso.

Galafu ya zithunzi ndinaibweretsa mochedwa dala. Mwana akajambula yekha, nsomba imodzi imadzaza tsamba lonse, ina n'kukhala kadontho. Ndinadula timapepala tofanana kukula, aliyense ajambule mkati mwa kake, kenako timate ndi phala la ufa wa chinangwa.

Za mchere tinachita pakati pa sabata. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35, omwe ndi masipuni aakulu awiri osadzadza kwambiri. Ndinasungunula muyeso umenewo m'madzi akumwa, aliyense n'kudonthezeredwa kadontho pachala chosamba kuti alawe. Nkhope zimene zinaoneka pamenepo! Mnyamata wina anafunsa kuti anathiramo mchere wonsewo ndani. Ndinawafotokozera kuti mitsinje imakokolola timchere tochepa kwambiri kuchokera m'miyala ndi m'nthaka, dzuwa limakweza madzi okha kumwamba, mchere n'kumatsalira zaka zosawerengeka. Chitsanzo chili pafupi. Nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, pamene Nyanja ya Malawi ili ndi Shire. Madzi otsala tinathira pang'ono m'mbale yakuda n'kuika pawindo. M'nyengo yozizira kuno dzuwa ndi laulesi, kotero panatenga masiku, koma mbale itauma mchere unaoneka mbuu, ndipo ndinawauza kuti m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique anthu amapanga mchere mwanjira yomweyo, m'maiwe akuluakulu.

Amene mukufuna kuyesa za dzira loyandama, dziwani kuti mchere wa muyeso wa m'nyanja sukwanira, dzira labwino limamirabe. Ife tinasandutsa zimenezi kukhala masamu. Ana analosera kuti lidzayandama pa sipuni yachingati, tinalemba malosero awo ndi timizere, kenako tinathira sipuni imodziimodzi m'kapu ya madzi tikutakasa mpaka dzira linadzuka.

Galafu imene ndinaikonda kwambiri ndi ya miyendo ndi mikono. Nsomba ilibe, nyenyezi ya m'nyanja (kanyama kooneka ngati nyenyezi) kawirikawiri imakhala ndi 5, octopus ali ndi 8, nkhanu ili ndi 10 mukawerengera ndi zopanira zake ziwiri. Nkhanu amazidziwa, zili m'mitsinje yathu, ndipo wina anabwera nayo m'chitini kuti titsimikize. Pa Expressive Arts anaumba zamoyozi ndi dongo, miyendo ya timitengo, aliyense akuwerenga asanabaye. Pojambula galafu, gulu lina linafuna kuchotsa nsomba chifukwa "ilibe kanthu". Tinakambirana mpaka anavomera kuti malo ake akhalepo, dzina lilembedwe, mzati usakwere. Ziro anamumvetsa tsiku limenelo kuposa m'mene anamumvera m'buku.

Namgumi tinamuyeza pabwalo la mpira. Mtundu waukulu kwambiri, blue whale, umafika mamita pafupifupi 30, ndipo palibe nyama ina yamoyo yolemera kuposa iye. Ndinatambasula chingwe cha mamita 30, ana n'kuima motambasula manja kuchokera kumutu mpaka kumchira. Panalowa ana opitirira 20. Pambali pake ndinaika kamtengo ka masentimita 30, kutalika kwa chambo chabwino. Zoti namgumi si nsomba, amapuma mpweya ngati ife ndipo amayamwitsa mwana wake, anakana kwamtuwagalu. Mpaka lero alipo amene sanandikhulupirire, ndipo sindinawakakamize.

Ntchito ya kunyumba ndinaisamala pofunsa. Poyamba munthu ungaganize zofunsa kuti "Mwadya nsomba yanji sabata ino?", koma funso limenelo limaika poyera mwana amene kwawo ndiwo ndi masamba tsiku ndi tsiku. Ndinawauza kuti tsiku la msika akaone nsomba zimene zikugulitsidwa n'kufunsa ogulitsa mayina ake. Anabwera ndi usipa, utaka, matemba, mlamba ndi karapawo. Tinazigawa pawiri, za m'madzi opanda mchere ndi za m'nyanja yamchere, ndipo karapawo anatsala yekha mbali yake. Pa Chichewa aliyense analemba chiganizo chimodzi chochokera pa galafuyo, monga "Ana ambiri anaona usipa." Amene sanafike polemba chiganizo anandiuza pakamwa, ine n'kulemba pansi pa chithunzi chawo.

Nthawi yonseyi pakhoma panali tchati cha nyengo. M'mawa uliwonse mwana mmodzi ankatuluka, kuyang'ana kumwamba, n'kumata chizindikiro cha dzuwa, mitambo kapena mvula yowaza. Mwezi wa June kuno chiperoni sichisowa, ndipo chinandipatsa mpata wowauza kuti chinyezi chimene chikutinyowetsa m'mawa chimabwera ndi mphepo kuchokera ku Indian Ocean, kudutsa Mozambique, n'kudzagunda mapiri athu. Ndinadziwa kuti nkhani imeneyi ikafika pa namondwe Freddy wa mu March 2023, amene anachokera kunyanja komweko nawononga kwambiri kuno ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. M'kalasi muli ana a m'mabanja amene anataya abale ndi nyumba. Mwana atamutchula ndinayankha mwachidule kuti inde, anachokera kunyanja, n'chifukwa chake timamvera za nyengo pa wailesi, ndipo sindinapitirize. Nkhani imeneyo si yopangira galafu.

Poyesa ngati amva, sindinapereke galafu imene anaionapo. Ndinajambula yatsopano ya zigoba za nkhono zimene ana anayi ongopeka anatola, ndipo ndinkaitana asanuasanu pa desiki yanga pamene ena akuumba. Mafunso anali atatu: watola zambiri ndani, uyu watola zingati, ndipo uyu wapambana uyo ndi zingati. Awiri oyambawo pafupifupi onse anakhoza. Lachitatu linagwetsabe kagulu ndithu, makamaka amene amajomba masiku a msika, kotero amenewo ndawabwezera ku zitsekerero ndi rula, mphindi zochepa tikaweruka. Mapepala a simenti olembedwa mabokosi aja ndawasunga mu katoni, ndipo aphunzitsi a Sitandade 3 abwereka kale theka lake kuti awerengere mitengo imene ana awo anabzala kuseri kwa sukulu.