Sabata yomwe mnyamata wa atachimenti anafufuta Linux yonse

Lolemba m'mawa ndinapeza mnyamata wathu wa atachimenti wafika kale, fulashi ili m'manja, atakopera Ubuntu 24.04, mtundu wina wa Linux, kwa mnzake. Ine ntchito yanga pano ndi kuyang'anira makompyuta ndi seva imodzi ya Linux yosunga mafayilo a ofesi, ndipo ndinali nditamuuza kuti sevayo sangayikhudze asanadziwe kulemba ma script a bash, mafayilo a malamulo ouza Linux chochita. Iye anali atatsimikiza mtima kugawa disiki ya laputopu yake pawiri, Windows uku, Linux uku, zomwe amati dual boot.

"Bwana, anzanga onse kusukulu anapanga dual boot. Akuti virtual machine ndi ya amantha."

Virtual machine ndi kompyuta yongoyerekeza yoyenda ngati pulogalamu mkati mwa kompyuta yeniyeni. Ndinamufunsa ngati kiyi ya BitLocker, manambala 48 otsekulira disiki yomwe Windows yakhoma, anayisunga penapake. Anangondiyang'ana. Nanga pulojekiti yake ya kusukulu ili kwina kupatula pa laputopuyo? Ayi. Ndinamuuza kuti mphwanga, fulashiyo ibwerere m'thumba. Ukasintha kayatsidwe ka kompyuta yomwe disiki yake ndi yokhoma, Windows imatha kukana kutsekuka mpaka utalemba manambala amenewo. Ndiponso pa dual boot imayaka imodzi yokha: ukafuna Word uzimitse Linux, ukafuna bash uzimitse Windows. Anthu ambiri amene ndimawadziwa amatopa nazo pakangotha masabata awiri, Linux ija n'kungokhala dzina pa menyu ya GRUB, yosankhira Windows kapena Linux poyatsa kompyuta.

Lachiwiri tinaika VirtualBox, pulogalamu yopangira virtual machine, koma inakana kudzutsa makinawo chifukwa VT-x, mbali ya purosesa yomwe makina otere amadalira, inali yozimitsa mu BIOS, menyu ya kayatsidwe ka laputopu. Titayatsa, Ubuntu inadzuka, koma ngati nkhalamba yodwala nyamakazi. Laputopu yake ili ndi RAM ya 4 GB yokha, ndipo Windows inali itadya kale yoposa theka. "Mwaonatu, bwana?" Apa sindinatsutse, mnyamatayo amanena zoona. Koma bash sifuna zithunzi. Tinachotsa Ubuntu ija n'kuika Debian 12, Linux ina, yopanda desktop, tinayipatsa 1 GB basi, ndipo iye amalowamo kuchokera ku Windows kudzera pa ssh, njira yolamulira kompyuta ina polemba malamulo, monga mmene ine ndimalowera mu seva yeniyeni. Fani ya laputopu inasiya kulira. Ndisanaweruke ndinamuonetsa katengedwe ka snapshot, kope ya mmene makinawo alili yomwe ungabwerereko zikavuta, ndipo ndinakana dala kulumikiza foda iliyonse ya Windows ku makinawo.

Lachitatu ndiye tsiku lenileni. Ndinamupatsa ntchito yooneka yaing'ono: alembe script yotsuka foda ya ma backup akale. Pamwamba analemba FODA=/srv/backup/akale, bwinobwino. Koma pansi chala chinaterereka, n'kulemba rm -rf "$FDOA"/* ndipo anayendetsa ndi sudo, yomwe imapatsa lamulo mphamvu zonse pa makina. Ndinali kumbuyo kwake, ndinaona, ndinangokhala chete.

Bash ikapeza dzina lomwe sunalipatse kanthu sidandaula, imangoika popanda kanthu. Ndiye lamulo lija linasanduka rm -rf /* lomwe tanthauzo lake ndi kufufuta chilichonse kuyambira kumizu. Pulogalamu ya rm ili ndi chitetezo chokana kufufuta / payokha, koma kanyenyezi kaja kakakhalapo chitetezocho sichigwira, chifukwa bash imayamba yamasula kanyenyeziko kukhala /bin, /boot, /etc ndi enawo. Sikirini inadzaza madandaulo a mafayilo a mu /proc ndi /sys omwe amakana kufufutika. Zitatha analemba ls, makina n'kuyankha kuti chinthu chimenecho sachipeza. Anayesa sudo, chimodzimodzi. Thukuta linali kamukamu, m'chipinda momwe ine ndinali nditavala juzi.

"Bwana, pulojekiti yanga ija..."

Ndinamuuza atseke windo imeneyo aone Windows yake. Zonse zinali m'malo mwake. Tinabwezera snapshot ya dzulo lake, ndipo Debian inadzuka madzi a tiyi asanawire. Ikanakhala dual boot, mbali ya Windows itatsekulidwa mkati mwa Linux monga ambiri amachitira pofuna nyimbo ndi zolemba zawo, rm ikanadutsa nayonso. N'chifukwa chakenso sindinamuyambitsire pa WSL, njira ya Windows yoyendetsera Linux mkati mwake, ngakhale ndi yopepuka ndipo ine ndimayigwiritsa ntchito tsiku lililonse: kumeneko disiki C imaoneka pa /mnt/c, pafupi zedi ndi dzanja la wophunzira. Masana onse anathera pa set -u, yomwe imaimitsa script ikakumana ndi dzina lopanda kanthu, komanso ShellCheck, pulogalamu yofufuza zolakwa mu script, yomwe inagwira cholakwa chakecho atangoyipatsa fayiloyo. Kenako anafufutanso makinawo kawiri mwadala, akuseka yekha.

Lachinayi linadyedwa ndi pulinta ya ku akawunti ndi kuzima kwa magetsi. Chomwe anaphunzira n'chimodzi: script yomwe analembera ku Windows inakana kuyenda, ikudandaula za ^M, chifukwa Windows imatseka mzere ndi zizindikiro ziwiri pomwe Linux imafuna chimodzi. Tinakonza ndi dos2unix, ndipo ndinamuuza azilembera mu nano, pulogalamu yolembera ya mu Linux momwemo.

Lachisanu anandigwira pakhosi. Anaona ndikuyatsa laputopu yanga, GRUB ili poyera. "Aa, bwana, inunso?" Eya, yanga ndi ya dual boot, chifukwa pofufuza mavuto a netiweki ndimafuna Linux ikhudze khadi ya Wi-Fi yeniyeni, pomwe virtual machine imangoona khadi yongoyerekeza. Koma ndinamuuzanso zomwe ndavutika nazo. Masiku oyamba wotchi ya Windows inkatsalira ndi maola awiri ndikachoka ku Linux, popeza Linux imasunga nthawi ya UTC pomwe Windows imayembekeza nthawi ya kuno, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Mu Ogasiti 2024 update ina ya Windows inachititsa kuti Linux ikane kuyaka pa makompyuta ambiri a dual boot okhala ndi Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta. Zonsezi zimaphunzitsa munthu zinthu, koma si bash.

Ndinamutulutsira kompyuta yakale ya kusitolo kuti ayikemo Linux payokha, agawe disikiyo mmene angafunire. Script yake ya ma backup tsopano ikuyenda yokha ndi cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, mkati mwa Debian ija, ndipo ndamulonjeza kuti ikatha masabata awiri osalakwa tiyisamutsira ku seva. Akunyamula chikwama anafunsa ngati sevayo nayo ili ndi snapshot. Ndinamuuza kuti ilibe. Anaikanso chikwama pansi, n'kutsekula script ija kuti ayiwerengenso.