Lero windo ndine

Ine taekwondo sindinaifune, inachita kundipeza ndili pabenchi. Kwa zaka zitatu ntchito yanga inali yoperekeza mwana wanga wamkazi kukalabu Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, n'kukhala kumbuyo ndi makolo anzanga, foni m'manja, kudikira kuti aweruke. Chinandipachika ndi pakamwa pangapa. Tsiku lina tikuonerera ana akuponya mateche, ndinauza bambo amene ndinayandikana nawo kuti zimenezi n'zosavuta, ndi gule chabe wa anthu ovala zoyera. Sindinadziwe kuti aphunzitsi, amene pakalabupo timawatchula kuti a Sabeomnim, anali ataima kumbuyo kwanga akumwa madzi. Sanakwiye. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Bambo, Lachinayi mubwere ndi zovala zotakasuka, tidzavine limodzi."

Ndinali ndi zaka 43 komanso mimba imene inkayamba kulowa pakhomo mwiniwakene ndikali panja. Komabe mwamuna sabweza mawu pamaso pa mwana wake, ndiye Lachinayi ndinapita.

Chinayamba kundiwawa si miyendo ayi, koma mzere. Mu dojang, holo yophunziriramo ija, anthu saima potengera zaka zobadwa koma malamba. Magiredi a ophunzira, amene amati gup, amawerengedwa chobwerera mmbuyo: umayamba pa 10 ndi lamba woyera, n'kumatsika mpaka pa 1, kenako lamba wakuda, pamene manambala amayambanso kukwera ndipo amatchedwa dan. Mwana wanga wa zaka 11 anali ndi lamba wabuluu, ndiye ankaima kutsogolo. Ine ndinkaima kumapeto kwenikweni, pafupi ndi kamnyamata ka zaka 6 kopanda mano akutsogolo, komwe nakonso kanali kamkulu kwa ine chifukwa kanayamba miyezi iwiri ine ndisanayambe. Mwana amene kunyumba ndimamuuza nthawi yogona, kuno ndinkamuweramira, iye n'kumandikonza chibakera. "Adadi, mwagwira dzira kodi? Finyani."

Malamulo onse amaperekedwa m'Chikoreya. Charyeot ndiye kuti imani njo, kyeongnye weramani, junbi konzekani, sijak yambani. Kuwerenga nakonso ndi hana, dul, set, net mpaka yeol. Izi sizinandivute. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye poona kuti mwendo wanga sukwera kupitirira bondo la mnzanga, ndinalimbikira za m'mutu. Ndinaloweza kuti tae ndi phazi, kwon ndi chibakera, do ndi njira. Ndinaloweza kuti dzina loti taekwondo linayamba mu 1955, kuti likulu lotchedwa Kukkiwon lili ku Seoul ndipo linatsegulidwa mu 1972, komanso kuti masewerawa anayamba kupikisanirana mamendulo a Olimpiki ku Sydney mu 2000. Chinanso chimene ndinkachitha ndi kihap, mfuu imene umakuwa pomenya. Pamenepo pokha panalibe wondiposa. Ndikakuwa ine, makolo kumabenchi ankadzutsa mitu pamafoni.

Vuto linali poomsae. Awa ndi mayendedwe oloweza, ngati ukumenyana ndi adani osaoneka amene akubwera mbali zonse. Pakalabu yathu, kuti munthu alandire lamba wachikasu amayenera kuonetsa yoyamba mwa zisanu ndi zitatu za Taegeuk, yotchedwa Taegeuk Il Jang. Ili ndi mayendedwe 18 okha, ndipo ana amaitsiriza asanatuluke n'thukuta lomwe. Koma ine chibadwire kumanzere ndi kumanja zimandisokonekera ndikapanikizika. Aphunzitsi akati kumanzere, ndinkayamba ndafunsa kaye dzanja limene ndimalembera, ndipo pomwe yankho linkabwera anzanga anali atapita kale.

Ndiye ndinatulukira nzeru. Holo yathu ili ndi mawindo mbali imodzi, chitseko mbali inayo, wotchi yapakhoma kutsogolo, ndi kabati yosungiramo zotchingira pachifuwa kumbuyo. Ndinangoti basi, za manzere ndi manja zikhale za ana. Ine ndinaloweza motere: windo tchinga pansi, menya, chitseko tchinga pansi, menya, wotchi, chitseko, windo, wotchi, windo, chitseko, pomaliza kabati, menya, kuwa. Pasanathe milungu iwiri ndinali ndikuyenda ngati madzi. A Sabeomnim mpaka anandiyamikira pagulu. Mwana wanga yekha ndi amene anandimva ndikunong'ona mawindo anga, ndipo pobwerera kunyumba anati, "Adadi, nanga tsiku lina akadzatitembenuza?" Ndinamuyankha kuti holo siyenda.

Pali nkhani inanso ya dobok, yunifolomu yoyera ija. Masaizi ake amatengera kutalika kwa munthu m'masentimita. Ine ndine wa 170, ndiye ndinagula ya 170. Amene anakonza masaiziwo sanafunse za m'mimba ndi m'chiuno. Buluku linkalowa ndithu, koma mochita kunyengerera, ndipo mayi akunyumba anandichenjeza kawiri konse kuti msoko wakumbuyo ukulira. Ndinati nsalu imaphunzira mwiniwake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka la mayeso titafika, ndinapeza holo atayikonza mwina. Kunabwera woyesa wochokera kukalabu ina, bambo wa imvi wa dan 6, wosaseka wamba. Pofuna kuti makolo ochuluka akwane, tebulo la oyesa ndi mbendera anaziika mbali ya kabati, mabenchi n'kuwasamutsira pansi pa wotchi. Ndinaona ndithu kuti zinthu zasintha, koma mutu wanga unali pa 1955 ndi 1972, ndiye sindinaganize kuti kusinthako kukundikhudza.

Anatiitana anthu asanu ndi mmodzi a malamba oyera, mizere iwiri. Mwa tsoka, dzina langa linagwera kutsogolo, pakatikati, moyang'anizana ndi woyesa uja. Kumanja kwanga kunali kamnyamata kopanda mano kaja, kumbuyo kwanga kamtsikana ka timangongo tiwiri. Charyeot. Kyeongnye. Junbi. Mtima uli thithithi.

Sijak!

Thupi langa linafunafuna windo, n'kulipeza kumanja. Ndinatembenuka mwamphamvu, kutchinga pansi, n'kupezeka maso ndi maso ndi kamnyamata kaja, komwe kanatembenukira kumanzere monga mwa malamulo. Tinayang'anana. Mumtima ndinati, kalanga mwana wa eni wasokoneza, mantha amugwira. Ndinamumvera chisoni ndithu. Ndinaponya chibakera changa pamwamba pa mutu wake, iye chake chinathera pa lamba wanga, ndipo tonse tinapitiriza.

Pa mayendedwe achisanu anzanga onse analunjika kutebulo la oyesa, ine ndinalunjika kuwotchi. Apa ndiye ndinakumana ndi kamtsikana ka timangongo kakubwera ndi liwiro. Kanandizemba mwaluso ngati mmene umazembera mtengo panjira, osaphonya ngakhale sitepe imodzi. Tsopano ndinali ndikuyang'ana makolo, ndipo ndinaona mayi akunyumba atabisa nkhope m'chikwama. Mwana wanga anali atakhala pansi ndi anzake a malamba abuluu, maso atatsinzina, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Apabe ine sindinatekeseke. Ndinangodabwa kuti ana asanu onse angasokoneze bwanji tsiku limodzi, ndipo ndinayamba kuwaganizira a Sabeomnim kuti achita manyazi pamaso pa mlendo.

Taegeuk Il Jang imathera chofulatira oyesa, ndipo chibakera chomaliza ndi mfuu yake zimapita kumbuyo kwa holo. Anzanga anatero. Ine ndinalunjika kukabati yanga, masitepe awiri aataliatali, n'kukaima pafupi ndi tebulo, chibakera chili pamphuno pa bambo wa dan 6, ndipo ndinatulutsa kihap imene ndinaisungira miyezi inayi. Mapepala a patebulo anagwedezeka. Cholembera chinagubuduka n'kugwa pansi.

Holo yonse inangoti zii. Woyesayo anayang'ana chibakera changa, anayang'ana ine, kenako anati, "Mawu muli nawo, bambo. Koma adani anu onse ali mbali inayo."

Anandipatsa mwayi wobwereza, ndekhandekha. Apa m'pamene miyendo inazizira, chifukwa ndinazindikira kuti popanda windo kumanzere ine ndilibe poomsae. Ndili chiimire, ndinaona mnyamata wina wa lamba wakuda, chimphona chimene chimathandiza kuphunzitsa ana, akudzuka ngati akukatola kanthu. Anadzaima chapatali kumanzere kwanga, manja kumbuyo, nkhope ili gwa, n'kunong'ona osatsegula mano: "Madala, lero windo ndine." Kumanja kunadzaima mayi wina wa lamba wofiira, amene anayamba taekwondo atapuma kale pantchito. Iwo sananene kanthu, anangodziloza pachifuwa n'kupanga ngati akutsegula chitseko. Apa ndinadziwa kuti chinsinsi changa chinali chodziwika kalabu yonse, ndipo wochiulula ndimadya naye mbale imodzi.

Ndinayenda bwinobwino mayendedwe onse 18, kuchoka kwa mnyamata kupita kwa mayi, kuchoka kwa mayi kubwerera kwa mnyamata. Woyesa anaona zonse, sanali mwana. Anangoweramira pepala lake nthawi yaitali kuposa mmene zolembazo zinkafunikira.

Mafunso a pakamwa ndinakhoza onse, koma palibe amene amawakumbukira.

Chotsiriza chinali kyeokpa, kuthyola thabwa. Ana anapatsidwa timatabwa topyapyala, ine monga wamkulu anandipatsa la paini lochindikala ngati chala. Theche lake linali ap chagi, lolunjika kutsogolo: umakweza bondo, n'kuponya phazi zala zitapindikira m'mwamba kuti pomenya pakhale pamnofu wa kunsi kwa zala. A Sabeomnim amanena nthawi zonse kuti usamenye thabwa, uzimenya chimene chili kuseri kwa thabwalo. Koyamba phazi langa linangoligogoda ngati mlendo woodira. Kachiwiri ndinaiwala kupinda zala, ndipo chala chachikulu chinandiuza mawu amene sindingalembe pano. Kalabu yonse inayamba kuwomba m'manja pamodzi, ana akuwerenga mokweza, hana, dul, set, ndipo ine ndinati zivute zitani. Ndinasonkhanitsa zaka 43 zonse, ndinakuwa, n'kuponya mwendo kumwamba kumene sunafikeko chibadwire.

Phwaa!

Holo inaphulika ndi chisangalalo. Ine manja m'mwamba. Koma nditayang'ana, mnyamata wogwira thabwa uja anali akulitembenuza uku ndi uku, lili lamphumphu, lopanda ngakhale mng'alu. Nthawi yomweyo ndinamva kamphepo kozizira kakulowa malo amene mphepo siyenera kufika.

Tsono mu dojang muli mwambo wakuti ukafuna kukonza yunifolomu, umatembenuka kaye kufulatira aphunzitsi ndi mbendera. Pa malamulo onse amene ndinaphunzira, ili lokha ndi limene thupi langa linakumbukira palokha. Ndinatembenuka mwaulemu, n'kuonetsa oyesa zonse zimene makolo anali ataona kale. Nditazindikira ndinatembenukanso, makolo n'kulandira gawo lachiwiri. Ndinazungulira ngati nguli, manja kumbuyo, kusowa mbali yopanda anthu. Kabudula wamkati amene ndinavala tsikulo anali wofiira psuu, ndipo mayi a chitseko aja, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, anakuwa kuti, "Achimwene, lamba wofiira timavala kunja, ndipo mwatsala ndi zaka!"

A Sabeomnim anangotchula liwu limodzi, ndipo a malamba akuluakulu onse, mwana wanga ali pakati, anathamanga n'kudzandandalika kumbuyo kwanga phewa ndi phewa, atafulatira, kupanga mpanda pakati pa ine ndi mabenchi. Mapewa awo ankagwedezeka, koma mpandawo sunagwe. Mwana wanga anayankhula osacheuka: "Adadi, menyani msanga, anthu atopa kudziletsa."

Woyesa analoza thabwa ndi cholembera. "Ilo likadali lamoyo."

Zoona zake n'zakuti buluku lija ndi limene linkandigwira mwendo miyezi yonseyi. Litang'ambika, bondo linakwera lokha mopanda womukaniza, phazi linadutsa, ndipo thabwa linagawanika pakati ngati bisiketi. Phokoso lake linali laling'ono poyerekeza ndi loyamba lija, moti ena kumabenchi anachita kufunsa ngati lathyokadi. Powerama komaliza ndinangogwedeza mutu pang'ono, ndipo palibe anandidzudzula. Ndinatuluka cham'mbali ngati nkhanu, nditamanga juzi ya munthu wina m'chiuno, zidutswa ziwiri za thabwa zili kukhwapa.

Lamba wachikasu ndinalandira Lachiwiri lotsatira, nditavala dobok ya 190 yopinda m'miyendo. Kuyambira tsiku limenelo a Sabeomnim amatitembenuza mbali ina iliyonse tikamachita poomsae, nthawi zina mpaka kutitsinzinitsa, ndipo ana amadziwa bwino amene anawabweretsera mavuto amenewa. Mnyamata wa lamba wakuda uja dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense amangoti a Windo.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina watsopano, nayenso wochokera pabenchi, ndiye sindilinso womaliza pamzere. Tsiku lina tikupuma anandikokera pambali, thukuta lili kamukamu, n'kundifunsa kuti, "Akulu, inu mumatha bwanji kukumbukira kokhotera?" Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatsitsa mawu, n'kuyamba kuti, "Mukuliona windo ilo?"

Kutsogolo kwa mzere, munthu wina wa lamba wabuluu anakhosomola.