Zikomo nonse amene munatigwira dzanja pa matenda a bambo

Abale, anansi ndi akumpingo, bambo athu abwerako kuchipatala ndipo ali kunyumba. Opaleshoni yochotsa chotupa cha khansa ya kapamba (pancreas) inayenda bwino. Ndikulemba ngati mwana woyamba, m'malo mwa amayi ndi azing'ono anga.

Ndiyambe ndi mayi amene anawajambula sikani yoyamba pachipatala cha kwathu. Nthawi imeneyo maso a bambo anali atasanduka achikasu, thupi likuyabwa usiku wonse, mkodzo utada, ndipo tonse tinkati ndi chiwindi. Kapamba amakhala mkati kwenikweni, kuseri kwa chifu, moti mpweya wa m'matumbo umatchinga makina a ultrasound kuti asamuone bwino. Mayiwo analemba zoona zokhazokha: kapamba sakuoneka yense, miyala ya mu ndulu palibe, koma njira yodutsa ndulu yatupa, kusonyeza kuti pali china chikuitsamwitsa kumunsi. Anatiitana pambali n'kutiuza kuti tisachedwe, bambo akajambulidwe pa CT, sikani yoonetsa bwino ziwalo za mkati. Mayi inu, panja panali mzere wautali wa odwala, komabe munadekha ndi bambo anga. Mulungu akudalitseni.

Ku Queen Elizabeth, ku Blantyre, anayamba ayeza magazi kuti aone ngati impso zipirire mankhwala amene amalowetsa mumtsempha pojambula. Mankhwalawo amawalitsa mitsempha ndi ziwalo, ndipo wojambula amayenera kutola zithunzi pa nthawi yake yeniyeni, pomwe kapamba wawala koma chotupa chikuonekabe chakuda. Dokotala wowerenga zithunzi, amene mpaka lero sitinaonane naye maso, ndi amene anapeza chotupa kumutu kwa kapamba. Analembanso chinthu chimene chinatipatsa chiyembekezo: chotupacho chinali chisanakulunge mitsempha ikuluikulu ya magazi yodutsa pamenepo. Anatifotokozera kuti mwa odwala khansa imeneyi, ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu amene amapezeka opaleshoni ikadatheka. Anthu ogwira ntchito m'zipinda zojambuliramo sitimawatchula kawirikawiri pothokoza, koma dokotala wa opaleshoni amayenda m'njira imene iwo amulozera.

Ku India, komwe tinapita nawo kukachitidwa opaleshoni, anaonjezera sikani ina ya MRI kuti atsimikize timadontho tina timene tinkaoneka pachiwindi, ndipo tinapezeka kuti si khansa. Kenako anawagoneka n'kulowetsa kachubu kudzera kukamwa mpaka m'mimba, kokhala ndi sikani kunsonga kwake, ndipo ndi kasingano kopyapyala anatapa kachidutswa ka chotupa kuti kakapimidwe. Kwa inu amene munkatifunsa za magazi a CA 19-9, amene amayezedwa pofufuza khansa imeneyi, anali okwera ndithu, koma madokotala anati amenewo paokha sagamula mlandu, chifukwa amakweranso ndulu ikangotsekeka. Opaleshoni yake, imene amaitcha ya Whipple, anachotsa mutu wa kapamba, thumba la ndulu ndi chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, n'kulumikizanso zotsalazo.

Ulendo umenewu sitikanautha tokha. Amayi a Mvano, munabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyimbo. Achimwene athu a ku Johannesburg ndi ku Britain, munasonkha osatifunsa kuti tidzabweza liti. Inu amene munatumiza kangachepe pa Mpamba ndi pa Airtel Money, ena osatchula ngakhale dzina, mafoni athu ankalira mpaka usiku. Azakhali, munasiya munda wanu nthawi yopalira kuti mukhale gadiyani, kugona pansi pambali pa bedi la alongo anu. Anamwino amene munkawatembenuza usiku, zikomo.

Bambo akudya pang'onopang'ono, kangapo patsiku, ndipo akumwa makapisozi othandiza kugaya chakudya. Posachedwa ayamba kulandira mankhwala a khansa, choncho mapemphero anu asaleke. Ofuna kudzawazonda, bwerani masana akapumula, ndipo amene muli ndi chimfine kapena chifuwa muyambe mwachira kaye.