Momwe ndimalembera kope langa la zoimbaimba

Kope langa ndi lachikuto cholimba, longa lomwe eni magolosale amalembamo angongole. Shoo iliyonse ndimaipatsa masamba awiri, ndipo kulemba kumayamba ndisanatuluke pakhomo. Tsamba lakumanzere ndimaikapo tsiku, malo, mtengo wa pachipata ndi mayina a oimba monga alili pa posita. Chaka musachisiye. Pakapita nthawi Sand Music Festival ya chaka china imasakanikirana ndi inzake m'mutu, poti mchenga wa ku Senga Bay ndi womwewo, nyanja ndi yomweyo.

Kopelo limatsala kunyumba. Kushoo kuli thukuta, fumbi ndi zakumwa zotayika. Kumeneko ndimangolemba timawu m'foni, ndipo ndimatero akamasintha zida, osati nyimbo ili mkati: nthawi yomwe bandi yakwera pa steji, nyimbo yotsegulira, nyimbo yomwe woimba analozetsa maikolofoni kwa anthu n'kuisiya kuti tiimbe tokha.

Pali mphindi imodzi yomwe ndimatchera khutu kwambiri. Chapakati pa shoo mtsogoleri wa bandi amatchula anzake mmodzimmodzi, wa besi, wa ng'oma, wa kiyibodi, atsikana othandizira kuimba, aliyense n'kuonetsa luso lake pang'ono. Anthu amakhala akukuwa, mayina amamveka movutikira, koma ndimayesetsa kuwagwira. Pa posita sapezekapo, pa Facebook mawa lake aliyense amatamanda woimba wamkulu yekha, chonsecho amene anatigwedeza chiuno usiku wonse ndi mnyamata wa besi uja. Dzina likandiphonya ndimafunsa wosamalira zokuzira mawu shoo ikatha. Iwo amadziwana onse.

Tsamba lakumanja ndimalemba usiku womwewo, kapena m'mawa ndisanamwe tiyi, makutu akadali kulira. Ndimayamba n'kuyerekeza ndi posita ija: ndani anabweradi, ndani sanaoneke. Kenako zomwe kanema wa pafoni sagwira. Mayi amene anamanga chitenje m'chiuno n'kupita kutsogolo kukafupa woimba, ndalama ataikweza m'mwamba kuti tonse tiione. Utsi wa kanyenya wochokera kumpanda. Magetsi atazima nyimbo ili pakati, wa ng'oma osaleka, khamu n'kupitiriza kuimba mumdima mpaka jenereta italira. Ngati zida zinkamveka moipa ndimalembanso choncho, chifukwa kopeli si lokometsera munthu.

Tiketi kapena kachingwe ka pamkono ndimamata ndi guluu m'munsi mwa tsamba lakumanzere. Inki ya matiketi ena imafufutika, n'chifukwa chake mtengo ndimaulembanso ndi cholembera. Kwina kulibe chomata. Tumaini Festival, yomwe inayamba mu 2014 kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, n'njaulere, choncho pamalo a tiketi ndinalemba zilankhulo zomwe ndinamva tsikulo, Chiswahili, Chifalansa, Chirundi ndi chathu chomwe. Chimodzimodzi chikumbutso cha Evison Matafale ku Chileka, yemwe anatisiya mu Novembala 2001.

Lucius Banda atamwalira mu Juni 2024, anzanga ankatsutsana za malo omwe tinamuonera komaliza. Ndinatsegula kope, tsiku ndi malo zinali pompo, pamodzi ndi nyimbo yomwe anatsekera.

Mizere itatu yomaliza ndimasiyira amene ndinapita naye. Ndimamupatsa cholembera alembe yekha, poti iye anaima mbali ina ndipo anaona zina.