Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Ana odzimbidwa kusikelo

Tinalekezera pamene ndinayamba unamwino kusikelo ya ana. Gawo lino ndalipatulira vuto limodzi la kumeneko, kudzimbidwa, chifukwa makolo ambiri amasiya chithandizo panjira.

Ana ambiri odzimbidwa alibe nthenda m'matumbo. Tsiku lina bibi wouma amamupweteka mwana potuluka, ndiye amayamba kuopa. Mudzamuona ataima ndi zala zakumapazi kuseri kwa chitseko, miyendo atapingasa, nkhope itachita thukuta. Amayi amati akudzikakamiza, pomwe akubweza bibiyo kuti asatuluke. Bibi akakhalitsa amauma, thumbo lakumapeto limafutukuka mpaka mwana samvanso kuti chimbudzi chamupeza. Kenaka wamadzimadzi amadutsa m'mbali n'kudetsa kabudula. Uku si kutsegula m'mimba, ndipo kumumenya kumangoonjeza mantha.

Choyamba ndi kuchotsa zomwe zaunjikana. Mankhwala oyambira ndi polyethylene glycol, ufa wosungunula m'madzi: galamu 1 mpaka 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana patsiku, kwa masiku 3 mpaka 6. Mwana wa makilogalamu 15 amamwa magalamu 15 mpaka 22.5. Zikatuluka, muyezo umatsika kufika pafupifupi magalamu 0.4 pa kilogalamu tsiku lililonse. Ufawu ukasowa, pali mankhwala ena otchedwa lactulose, ngakhale amatupitsa m'mimba ndi mpweya. Muyezo aupereke ndi achipatala atamuyeza mwana pasikelo.

Apa m'pomwe zimalakwika. Mwana akangopita kuchimbudzi bwino sabata imodzi, botolo limaikidwa padenga. Komatu thumbo lofutukuka silibwerera msanga. Apitirize kumwa mankhwalawo miyezi iwiri kapena kuposa, ndipo akakhala bwinobwino kwa mwezi wathunthu m'pamene mumachepetsa pang'onopang'ono.

Akatha kudya, akhale pa poti mphindi 5 mpaka 10, mapazi atagunda pansi, chifukwa nthawi imeneyi matumbo amakankha okha. Ana ena amaopa dzenje ndi mdima wa chimbudzi chokumba, aperekezeni. Nsima ya mgaiwa, nyemba, bonongwe, papaya ndi madzi okwanira zimathandiza, koma pazokha sizichotsa bibi wounjikana. Chonde, musamupope madzi a sopo kapena a zitsamba kumatako, zimawotcha thumbo.

Thamangirani kuchipatala mwana akasanza zobiriwira, mimba ikatupa kwambiri, akamaonda, miyendo ikafooka, kapena ngati khanda latha maola 48 libadwire osatulutsa bibi woyamba wakuda uja.