Ma reference 9 omwe kulibe

Sabata ino yandithera mphamvu anzanga a mu laibulale. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe mukuzidziwa kale nyengo ya ma pulojekiti ino, mzere pa kauntala, kulimbirana mabuku a pa reserve, pulinta kutafuna mapepala, wina kudzafunsa kuti APA ndi Harvard, njira zolembera ma reference (mndandanda wa mabuku ndi nkhani zomwe wagwiritsa ntchito), zimasiyana pati chonsecho ntchito akupereka mawa lake. Izo sindidandaula nazo, ndi ntchito yathu. Chomwe chandikhala pamtima ndi cha Lachitatu.

Cha m'ma 3 koloko kunabwera mtsikana wa chaka chomaliza, wa maphunziro a zaumoyo, atakumbatira pulojekiti yake yomanga kale bwinobwino. Anaima pa kauntala kanthawi osayankhula, maso ali psuu, kenako anangoti "Madamu ndithandizeni, akuti ndabera." Supavaiza wake anali atazunguliza ma reference angapo ndi cholembera chofiira nkulemba pambali kuti sakuwapeza, ndipo nkhaniyi aipititsa ku komiti yosungitsa mwambo. Ndinamutengera pa kompyuta ya kumbuyo tinayamba kuwaona imodzi imodzi.

Analipo 34. Kungowaona papepala simungakayike olo pang'ono, APA 7 yeniyeni, mayina a olemba, chaka, dzina la journal lopendekeka, volume, masamba, mpakana DOI, nambala yapadera yopezera nkhaniyo pa intaneti, ikuyamba ndi 10 mmene zimakhalira. Ndinakopera DOI yoyamba pa zozungulizidwazo nkuika pa doi.org, inakana kuti kulibe. Yachiwiri inatsegula koma inatifikitsa pa nkhani ya za nthaka pomwe mwanayu akulemba za makolo okana katemera. Tinasaka mitu yake pa Google Scholar, pa PubMed, pa Crossref, masamba osakira ma article, kuli zii. Chopweteka nchoti journal yake ilipodi, wolembayo aliponso ndipo amalembadi za katemera, koma pepala limenelo sanalembepo. Otero tinapeza 9.

Ndinamufunsa kuti mwanangu awa unawatenga kuti. Sanabise ayi, anatulutsa foni nkundionetsa, anafunsa ChatGPT kuti imupatse ma article a mutu wake ndiye inamupatsa. Iye ankaona ngati ndi Google ina yanzeru. Palibe anamuuzapo kuti chinthu chija chikakhala kuti sichikusaka pa intaneti chimangolukanitsa mawu omwe amakonda kuyendera limodzi, dzina la katswiri apa, dzina la journal apo, manambala ooneka ngati DOI, nkutuluka chinthu chokongola chomwe sichinasindikizidwepo kulikonse. Ndiye ndinafunsanso, bwanji sunabwere kuno? Anandiyang'ana nkuti "Ndinabwera madamu mwezi watha, munandiuza kuti database yatsekedwa."

Ndinasowa chonena chifukwa ndinamukumbukira. Ndinamuuzadi ineyo, pa kauntala pomwepo, kumbuyo kwake kuli mzere, ndinati ubwerenso akuluakulu a sukulu akalipira database ija, nkhokwe ya ma article ya pa intaneti. Sanalipire mpaka lero. Chiyambire semesita ndalemba ma memo atatu ndipo yankho ndi lomwelija loti bajeti yavuta. Maphunziro a kasakidwe ka mabuku omwe tinkapereka milungu ingapo kwa a chaka choyamba anawadula nkutisiyira ola limodzi sabata yolandira ophunzira, m'holo yodzadza, ana asanadziwe nkomwe kuti kalasi yawo ili mbali iti. ChatGPT inatuluka mu November 2022 koma kufikira pano sukulu yathu ilibe olo tsamba limodzi lowauza ophunzira chololedwa ndi chosaloledwa. Kenako mwana akagwa mu dzenje lomweli akuti wabera, apite ku komiti. Zimandiwawa kwambiri.

Koma chomwe chinandiopsa zedi sichinali pa 9 aja. Titayamba kuona 25 otsalawo, omwe supavaiza sanawakhudze poti alipodi, ndinaona dzina loti Wakefield, 1998, The Lancet (journal ya zachipatala). Anzanga mukulidziwa pepala lija, la ana 12, lomwe linafalitsa mantha oti katemera wa MMR (wa chikuku ndi matenda ena awiri) amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana. The Lancet inalichotsa mu February 2010, ndipo chaka chomwecho bungwe la General Medical Council ku Britain linamuchotsa Wakefield, mlembi wamkulu wa pepalalo, m'kaundula wa madokotala. Mwanayu analitchula mu chaputala 2 ngati umboni woti nkhawa za makolo zili ndi maziko a sayansi. PDF yake anaitenga kwa mnzake pa WhatsApp, yoyera bwino yopanda chidindo chilichonse. Nditamutsegulira pa tsamba la The Lancet penipeni anaona mawu ofiira oti RETRACTED, kutanthauza kuti linachotsedwa, atadutsa pa pepala lonse, anagwira pakamwa. Uyutu chaka chamawa akhala ali kutsogolo kwa amayi onyamula makanda akuwafotokozera za katemera. Ndinamuuza kuti pepalalo utha kulitchula, ndipo pa mutu wako nkofunika kutero, koma unene poyera kuti linachotsedwa komanso chifukwa chake.

Tinakhala mpakana 8 koloko usiku, mnzanga wa shifiti yamadzulo akugwira kauntala yekha. Ndinamuonetsa kuti olo database yolipira itatsekedwa zilipo zaulere zodalirika, PubMed Central, DOAJ, malipoti a WHO pa tsamba lawo, komanso pa Google Scholar kudina All versions kuti mwina upeze kope lotseguka, ndi Cited by kuti uone amene anabwera pambuyo akuti chani za pepalalo. Tinaika Zotero, pulogalamu yosungira ma reference, pa laputopu yake, ndi yaulere, ndipo titangolowetsa DOI ya Wakefield inaika chenjezo lofiira yokha poti imalumikizana ndi Retraction Watch, omwe amasunga mndandanda wa mapepala ochotsedwa. Lamulo ndinamupatsa limodzi basi, chomwe sunachitsegule nkuchiwerenga wekha usachiike kumapeto kwa pepala lako. Mwanayu ndi wochangamuka, pofika 7 koloko amapeza yekha ma article nkumandiitana kuti madamu taonani iyi ya 2019 ikunena zosiyana ndi zomwe ndinalemba. Ziganizo zina anachita kuzifufutiratu chifukwa umboni weniweni sumagwirizana nazo.

Lachinayi mmawa ndinapita kwa supavaiza uja. Anati mayi, munthu wa chaka chomaliza akuyenera kudziwa zimenezi. Ndinawafunsa mwaulemu kuti bambo, anamuphunzitsa ndani, kalasi yake iti? Ndinawaonetsanso za Wakefield zomwe zinawadutsa. Anakhala chete, kenako anavomera kumupatsa masabata awiri kuti akonze ndipo za komiti aziimitsa kaye. Sindikuwanena iwowo, ali ndi ma pulojekiti ambirimbiri pa tebulo munthu mmodzi.

Lachisanu ku miting'i ndinadzutsanso nkhani ya database ndi maola athu ophunzitsa, akuti tiona semesita ya mawa. Koma ya Turnitin, pulogalamu yogwirira obera, ndiye analipira nthawi yake, chonsecho iyo imayang'ana kufanana kwa mawu, pulojekiti ya mwanayu inadutsamo bwinobwino ndi ma reference ake 9 opekawo. Ndalama yogwirira ana ilipo, yowaphunzitsira ndiye palibe, ndinanena choncho mu miting'imo ndipo ena sanakondwe nazo.

Nditatuluka ndinamata pepala pa chitseko cha laibulale kuti Lachiwiri 4 koloko aliyense wa chaka chomaliza abwere ndi ma reference ake tidzaone limodzi ma DOI. Chilolezo sindinapemphe. Potseka madzulo pepala linali litadzadza mayina mpaka ena alemba kuseri, ndipo makompyuta ogwira ntchito tili nawo 6.