Likodzo la m'matumbo ku Mangochi: mkodzo woyera usatipusitse

Abale a m'mbali mwa nyanja, tisamangodikira kuona magazi mu mkodzo wa mwana. Mu 2017 akatswiri ofufuza anapeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria ku Mangochi, zomwe zimafalitsa likodzo la m'matumbo, ndipo atayeza ana asukulu anawapezadi nalo. Mazira a nyongolotsi zoyambitsa likodzo limeneli amatulukira m'chimbudzi. Otsalira m'thupi amaumitsa chiwindi pang'onopang'ono, kapamba n'kutupa, mwana akuoneka ngati ali bwinobwino. Choncho kuchipatala pemphani ayeze zonse ziwiri, chimbudzi ndi mkodzo womwe.

Mankhwala ndi omwe aja a likodzo la mu mkodzo, praziquantel: mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Piritsi limodzi ndi mamiligalamu 600, ndiye mwana wa makilogalamu 30 amamwa awiri. Adye kaye nsima kapena phala, apo ayi nseru ndi kupotokola kwa m'mimba zimamuzunza.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima zokha. Kumwa lero pofuna kupha zomwe zinalowa m'thupi posambira dzulo n'kutaya mapiritsi, chifukwa zing'onozing'ono zimapulumuka n'kukula. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzimo. Komanso si katemera: mwana akabwerera kukaseweranso m'madzi a m'bango muja, alitenganso.

Mkodzo wokayezetsa tengani pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pomwe mazira a likodzo la mu mkodzo amatuluka ambiri.